Mphunzitsi Asawerengere Ana Chilankhulo Chawo

Uphunzitsi ndi ntchito ya pakamwa. Choko, bolodi ndi buku zimathandiza, koma m'sukulu za m'mphepete mwa nyanja m'boma la Lago, kuchokera ku Meluluca kudzera ku Metangula ndi ku Messumba mpaka ku Cobué, chimene mwana wa kalasi yoyamba amapita nacho kunyumba ndi chimene wamva kuchokera m'kamwa mwa mphunzitsi wake. N'chifukwa chake ife amene timasula aphunzitsi a zilankhulo ziwiri timaliona luso lolankhula pagulu ngati msana wa ntchito yonse. Maganizo athu pa nkhaniyi ndi akuti mphunzitsi akonzekere mokwanira, akonzekere m'Chinyanja, ndipo akaimirira pamaso pa anthu alankhule osawerenga.

Njira zoperekera mawu pagulu zilipo zinayi. Yoyamba ndi kuwerenga zimene zalembedwa, liwu ndi liwu. Yachiwiri ndi kuloweza pamtima ndi kubwereza monga momwe udalowezera. Yachitatu ndi kulankhula modzidzimutsidwa, pamene wapatsidwa bwalo usanaganizeko chonena. Yachinayi ndi kulankhula motsata mitu: mfundo wazikonza kale ndi kuziika m'ndondomeko, koma ziganizo ukuziumba pomwepo ukuyang'ana anthu ako.

Njira iliyonse ili ndi malo ake. Kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro ya boma, masiku a mayeso ndi mayina a ana amene akhoza ziyenera kuwerengedwa monga zalembedwera, pakuti kuphonya tsiku limodzi kapena dzina limodzi kumabala mlandu. Ndakatulo, miyambi ndi ndagi zimakoma zikachokera pamtima. Kulankhula modzidzimutsidwa nako simungakuthawe, chifukwa kholo lidzakufunsani funso panjira, ndipo pamaliro a mwana wa sukulu mwina adzaitana inu kuti munenepo mawu. Koma phunziro la tsiku ndi tsiku, ndi msonkhano wa makolo, zimafuna njira yachinayi.

Kuti timvetse chifukwa chake njirayi imativuta, tikumbukire kumene tachokera. Kwa zaka zambiri, mu ulamuliro wa atsamunda ngakhalenso dziko litalandira ufulu mu 1975, sukulu za boma zinkaphunzitsa m'Chipwitikizi chokha. Kuyesa koyamba kophunzitsa ana m'zilankhulo zawo kudachitika kuyambira 1993 mpaka 1997 pansi pa ntchito yotchedwa PEBIMO, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza. Maphunziro a zilankhulo ziwiri adayamba kufalikira m'zigawo mu 2003, ndipo malamulo aakulu a dziko a 2004, mu gawo 9, amati boma limalemekeza zilankhulo za dziko ndi kulimbikitsa kuti zikule. Zimenezi ndi zadzulodzulo. Ambiri a ife tidaphunzira masamu ndi sayansi m'Chipwitikizi, kotero kuti nzeru za kusukulu zidakhala m'mutu mwathu zitavala Chipwitikizi, pamene Chinyanja tidachisiyira za kudoko, kumunda ndi kutchalitchi.

Chotsatira chake timachiona kawirikawiri ophunzira uphunzitsi akamayeserera kuphunzitsa. Munthu walemba dongosolo la phunziro m'Chipwitikizi, ndipo akafika m'kalasi akumasulira ali chiimire. Mawu akutuluka a Chinyanja, koma mafupa a chiganizo ndi achilendo. Pa mawu alionse ovuta akudumphira ku Chipwitikizi n'kubwereranso. Mwana amazindikira liwu lililonse, koma chimene chanenedwa osachigwira. Mphunzitsi wotere amaganiza kuti wakonzekera, pamene zoona zake n'zakuti m'chilankhulo chimene ana akumvera akulankhula modzidzimutsidwa.

Ena adzati: "Chinyanja ndidayamwira, ndikonzekerenso chiyani?" Kubadwira m'mbali mwa nyanja sikuphunzitsa munthu kupalasa bwato pa mwera. Kucheza ndi anzako pamchenga n'kosiyana ndi kufotokozera ana makumi asanu kumene mvula imachokera. Yesani lero lomwe. Mudzanena bwanji kuti dzuwa likatentha nyanja madzi ena amakwera kumwamba osaoneka? Mukasankha mawu akuti nthunzi, muyamba ndi mphika wa kondowole uli pamoto kapena ndi usipa wouma pathandala? Mudzasiyanitsa bwanji mtambo wa mvula ndi nkhungu zija zimatuluka m'nyanja ngati utsi, zimene ana akudziwa kale kuti ndi tizilombo touluka? Mafunso amenewa ali ndi mayankho abwino, koma mayankhowo amapezeka usiku wa dzulo lake, nthawi zina pofunsa msodzi wachikulire kapena mayi amene amadziwa mayina a mphepo ndi a nyengo. Munthu sawapeza ataima kale kutsogolo kwa kalasi.

Enanso adzati: "Ngati nkhani ndi imeneyo, ndilembe zonse m'Chinyanja chabwino ndi kukawerenga, kuti ndisaphonye." Maganizo amenewa ali ndi nzeru yake, ndipo kulemba kumathandizadi kupeza mawu oyenera. Vuto lili pa kuwerengako. Maso amene ali papepala saona mwana amene watayika pa chiganizo chachiwiri, saona amene akusinza, saonanso amene akufuna kufunsa koma akuchita manyazi. Liwu la munthu wowerenga limayenda pa mzere umodzi, ndipo ana a zaka zisanu ndi chimodzi salipirira nthawi yaitali. Palinso china. Chinyanja cha kuno kunyanja chili ndi mawu ndi katchulidwe kosiyanako ndi ka ku Angónia ku Tete kapena ka ku Lilongwe, ndipo m'midzi ina muli ana amene kunyumba amalankhula Chiyao. Wolankhula momasuka akaona nkhope zakwinyika amasintha liwu pomwepo n'kuika lodziwika. Wowerenga amangopitirira. Woloweza pamtima ali pangozi yoposa, pakuti mwana mmodzi akamudula ndi funso, chingwe chonse chimaduka.

Kukonzekera kumene tikunena n'kosavuta kufotokoza. Dziwani chinthu chimodzi chimene mukufuna kuti anthu apite nacho, ndipo muyese kuchinena m'chiganizo chimodzi cha Chinyanja. Mukalephera, ndiye kuti simunachimvetse bwino inu eni. Lembani mitu itatu kapena inayi pa kapepala kokwana m'dzanja. Pambali pa mutu uliwonse ikani chitsanzo cha m'dera: milu ya usipa pamsika pophunzitsa kugawa, maso a khoka pophunzitsa kuyeza, mizere ya ovina mganda pophunzitsa kuchulukitsa. Sankhiranitu mawu a phunzirolo, ndipo ngati pakufunika liwu la Chipwitikizi, likhale loti mwalisankha dala ndipo mwakonzeka kulifotokoza. Chiganizo choyamba ndi chomaliza ndi zokhazo zoyenera kuloweza. Pomaliza lankhulani phunziro lonse mokweza muli nokha, kamodzi kapena kawiri, chifukwa khutu limagwira zolakwika zimene diso limazilumpha.

Aphunzitsi a luso limeneli tili nawo m'midzi momwe. Khalani pabwalo la milandu mumve momwe nduna ya mfumu imayalira nkhani. Imayamba ndi kulonjera anthu motsata ulemu wawo, imabwereza mfundo ya mbali iliyonse kuti eni ake avomereze kuti yamveka, imatchula mwambi pamalo pake, kenaka imakhala chete pang'ono kuti mawu alowe. Onani ankhoswe pa chinkhoswe, kapena mkulu wolankhula m'malo mwa banja pamaliro. Alibe pepala, koma musaganize kuti sadakonzekere. Adagona nayo nkhaniyo ndipo adapangana ndi abale chonena ndi chosiya. Agogo osimba nthano nawo sapita patali osamva omvera akuyankha kuti ali limodzi. Kuyankhana kumeneku ndi njira yakale yoonera ngati anthu akutsata, ndipo m'kalasi imagwira ntchito kuposa funso louma lakuti "mwamva?", limene ana amavomera ngakhale asanamve.

Akatswiri odziwika a kulankhula pagulu adayenda njira yomweyi. Samora Machel, pa ulendo wake wochokera ku Rovuma kupita ku Maputo mu 1975, ankalankhula kwa makamu nthawi yaitali akubwereza mfundo, akufunsa mafunso ndi kudikira kuti anthu ayankhe. Martin Luther King, ku Washington pa 28 Ogasiti 1963, adasiya pepala lake chakumapeto, ndipo chigawo chimene dziko limakumbukira ndi chimenecho. Koma mfundo zake adali atazilankhulapo kale ku Detroit miyezi iwiri m'mbuyomo. Kumasuka kwa pakamwa kumabadwa m'kukonzekera kwa nthawi yaitali.

Thupi ndi liwu nazo zimafuna kuphunzitsidwa. Mukaphunzitsira pansi pa mtengo wa mango, imani mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu kuti itengere mawu kwa ana, makamaka m'miyezi ya mwera pamene mafunde akusokosa. Lankhulani kwa mwana wakumbuyo kwenikweni. Akamva iye, onse amva. Kukweza liwu n'kosiyana ndi kukalipa, ndipo mpweya uchokere m'mimba kuti mmero usathe sabata isanathe. Chepetsani liwiro pa mfundo yatsopano. Yendetsani maso mbali zonse, kwa atsikana ndi anyamata mofanana, koma mwana akaweramitsa nkhope musamuyese wamwano kapena wosamvetsera, pakuti kunyumba adaphunzira kuti umenewo ndi ulemu.

Mayeso aakulu a zonsezi ndi msonkhano wa makolo. Kumeneko mudzamva funso limene aphunzitsi a zilankhulo ziwiri amalimva m'dziko lonse: "Mwana wanga Chinyanja akuchidziwa kale, bwanji osamuphunzitsa Chipwitikizi kuti adzapeze ntchito ku Lichinga?" Funsoli ndi la kholo lokonda mwana wake, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Yankho lilipo. Mwana amaphunzira kuwerenga mosavuta m'chilankhulo chimene akumva, ndipo luso limenelo amalisamutsira ku Chipwitikizi, chimene amachiphunziranso kuyambira m'makalasi oyambirira. Mungawakumbutsenso kuti kuwerenga Chinyanja si chinthu chachilendo pagombe lino. Amishoni a Anglican, monga William Percival Johnson amene adafika kunyanja kuno m'zaka za m'ma 1880, ankaphunzitsa ndi kumasulira Malembo m'Chinyanja, ndipo makolo a agogo athu ku Messumba ndi ku Cobué adaphunzira kuwerenga m'chilankhulo chimenechi. Koma mphunzitsi akaimirira n'kuwerenga yankho limeneli papepala akunjenjemera, kapena akathawira ku Chipwitikizi pofuna kuoneka wophunzira, watsimikizira makolo kuti Chinyanja sichikwanira pa nkhani zazikulu. Akalonjera amfumu ndi akuluakulu monga mwa mwambo, nalongosola mfundo zake momveka, nayankha mafunso modekha, kalankhulidwe kake komweko kamakhala umboni. Pali makolo amene adzasankha kusunga mwana m'kalasi kapena kumutumiza ku khoka potengera zimene adamva tsiku limenelo.

Tsono pempho lathu kwa inu, aphunzitsi a mawa, ndi lakuti muyambe muli kuno kumaphunziro. Sabata iliyonse sankhani mutu umodzi wa m'silabasi, muulankhule mphindi zisanu pamaso pa anzanu m'Chinyanja chokha, muli ndi kapepala ka mitu basi. Anzanuwo akuuzeni pamene adatayika, mawu achilendo amene adalowa osaitanidwa, ndi ngati wokhala kumbuyo adamva. Poyamba lilime lidzalemera, ndipo mudzadabwa kuona kuti chilankhulo chimene mudabadwa nacho chikukuvutani. Musataye mtima, tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Pofika tsiku limene mudzalandire kalasi yanu ku Lunho kapena ku Cobué, mawu a masamu ndi a sayansi adzakhala atazolowera m'kamwa mwanu, ndipo maso anu adzakhala pa ana.