Voti yogulidwa ndi kiyi wa m'gemu

Mwana akakuuzani kuti akufuna bandulo chifukwa lero sanavote, musadzidzimuke, sanalowe ndale. Akunena za Minecraft, gemu yomanga nyumba ndi midzi ndi timabokosi tonga njerwa. Markus Persson wa ku Sweden ndiye adayamba kuitulutsa mu 2009, ndipo mu 2014 kampani ya Microsoft idaigula pa madola 2.5 biliyoni.

Gemuyi imakoma ukamasewera ndi anzako pa intaneti, pamalo otchedwa seva. Seva ili ngati bwalo la mwini wake, ndipo aliyense wodziwa makompyuta angathe kutsegula yake. Choncho maseva ndi ankhaninkhani, onse kulimbirana osewera ngati oitanira minibasi pa depoti.

Nanga wosewera watsopano asankha bwanji? Amapita pa masamba monga Planet Minecraft, omwe amandandalika maseva potengera mavoti. Wosewera amaloledwa kuvota kamodzi pa tsiku, ndipo seva ya mavoti ambiri imakhala pamwamba, pomwe maso amafikira msanga. Mpaka apa palibe chovuta.

Koma pali kapulogalamu kotchedwa Votifier, komwe kamauza seva dzina la amene wangovota kumene. Mwana akangodina, mphotho imagwa pompopompo: ndalama za m'gemu, dayamondi, kapena kiyi wotsegulira bokosi la mphatso. Maseva ena amaonjezera mphotho kwa yemwe wavota masiku otsatizana osadumphitsa. N'chifukwa chake mwana amavuta pakhomo bandulo ikatha, safuna kudula mzere wa masiku ake.

Ine ndikuona kuti voti yotere yasiya kunena zoona. Cholinga chake chidali choti osewera auzane kuti kuno ndiye kwabwino. Tsopano chomwe ikuyeza ndi kukula kwa mphatso. Seva ya oyang'anira aulemu, yoletsa kutukwana, ingathe kukhala pansi penipeni pa mndandanda chifukwa choti siigawa makiyi, pomwe ina yachisawawa ili nambala wani.

Eni maseva nawo ali ndi mbali yawo, ndipo si yopeputsa. Amalipira mwezi ndi mwezi kuti seva isazime, pomwe ambiri a iwo alibe ndalama zotsatsira malonda. Amanenanso kuti mwana wosauka amapeza mwaulere zinthu zomwe anzake amagula. Ndi zoona. Komatu ngati kuli kutsatsa malonda, akutche dzina lake. Kulemba kuti ndi seva yokondedwa ndi anthu, pamene wovota aliyense adalandirapo kanthu, n'kunamiza mlendo, ndipo mlendoyo nthawi zambiri amakhala mwana wapulayimale.

Nkhani ya kiyi ndiyo ikundisowetsa mtendere kwambiri. Bokosi lija sudziwa zomwe zili m'kati mpaka utatsegula. Lero mutuluka chinthu chachabechabe, mawa chimodzimodzi, mkuja mnzako n'kupata lupanga losowa, aliyense n'kuona. Kiyi waulere ndi mmodzi kapena awiri pa tsiku, koma pa maseva ambiri makiyi ena amagulitsidwa ndi ndalama zenizeni. Waulereyo ndi nyambo chabe. Dziko la Belgium lidagamula mu 2018 kuti mabokosi oterewa m'magemu ena, akakhala ogula ndi ndalama, ndi juga.

Chaka chomwecho cha 2018, kuno kwathu kudabwera lamulo la zipani za ndale lomwe limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti. Tonse tikudziwa chifukwa chake, tidaziona nsalu ndi timaenvelopu pa misonkhano. Sindikunena kuti dayamondi wa m'gemu adzasankha phungu. Koma mwana amene wavota tsiku ndi tsiku kwa zaka zitatu, nthawi zonse dzanja lili chitambasulire, mawu oti voti akuwamva bwanji?

Kumulanda foni sikuthandiza, akabwereka ya mnzake. Khalani naye pansi akuonetseni seva yomwe amasewerapo. Onani malamulo ake, onani zomwe anthu akulemberana, funsani ngati pali oyang'anira ochotsa otukwana ndi akuluakulu ofunsa ana manambala a foni. Ngati seva ili ndi sitolo, tsegulani muone mtengo wa makiyi, kenaka muwerengere madolawo m'makwacha mwanayo ali pomwepo.