Piché ndi De Jager Ayenera Kuyamikiridwa

M'bandakucha wa pa 24 Ogasiti 2001, ndege ya Air Transat ya mtundu wa Airbus A330, yochokera ku Toronto kupita ku Lisbon, idatha mafuta ili pamwamba pa nyanja ya Atlantic. Injini zonse ziwiri zidazima. Munali anthu 306. Oyendetsa ake, Robert Piché ndi Dirk de Jager, adaiyandamitsa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 mpaka kukatera pabwalo la asilikali la Lajes, pachilumba cha Terceira ku Azores. Sipadafe munthu.

Ambiri amachita chidwi ndi kuyandama kumeneko. Ife tikuti luso lenileni lidaonekera pa kateredwe.

Amene adakhalapo pawindo la ndege adaonapo zitsulo zomwe zimatambasuka kumbuyo kwa mapiko ndege ikayandikira pansi. Zimenezi ndi ma flap. Zimakulitsa phiko ndi kulipinda kuti ndege ithe kuuluka pang'onopang'ono osagwa. Popanda izo, woyendetsa amakakamizika kufika pabwalo ali paliwiro lalikulu. Akachepetsa liwirolo, mapiko amaleka kunyamula ndege. Akalisiya lichuluke, msewu wa bwalo umamuthera ndege isadaime. Mabuleki amapsa, matayala amaphulika, moto utha kubuka.

A Piché adalibe ma flap. Injini zitazima, mphamvu idachokera ku kachipangizo kozungulira ndi mphepo komwe kamatuluka kunsi kwa ndege pa nthawi yangozi, ndipo mphamvuyo inali yongokwanira kuwongolera. Adalibenso injini zoti n'kuthandiza kuimitsa ndege ikagunda pansi, kapena kuikwezanso m'mwamba akaphonya. Atafika pafupi ndi chilumbacho ali m'mwamba kwambiri, adazungulira kamodzi, n'kumakhotakhota kuti atsike. Ndege idagunda pansi paliwiro la makilomita pafupifupi 370 pa ola, pomwe masiku onse imatera pa 250 kapena kupitirira pang'ono. Idanjanja, idateranso, matayala asanu ndi atatu adaphulika, koma idaima msewu usadathe. Anthu ena adavulala potuluka mothawa.

Sitikubisa mbali inayo. Ofufuza a ku Portugal adapeza kuti mafuta ankatayikira pa paipi ya injini ya kumanja yomwe idabooka pokhulana ndi paipi inzake, chifukwa amakaniko adaika chipangizo chosagwirizana ndi injiniyo. Adapezanso kuti oyendetsawo, posazindikira msanga kuti mafuta akutayika, adatsekula njira yosamutsira mafuta a kumanzere kupita kumbali yodonthayo. Kumeneko kunali kulakwitsa, ndipo kudakulitsa vuto.

Komabe munthu amene wasokonezeka chotero kawirikawiri amangopitiriza kusokonezeka. Awiriwa adakhazika mtima pansi, adagawana ntchito, wina akuwongolera ndege, mnzake akulankhula ndi a pansanja ndi kuwerengetsa mtunda wotsala. Pa chimenechi tikuwavulira chipewa. Ngoziyo itachitika, malangizo a oyendetsa ndege za Airbus okhudza kutayika kwa mafuta adakonzedwanso kuti wina asatsekule njira ija asadatsimikize kuti mafuta sakudontha.