Yankho la Mkonzi: RAM Imene Chrome Imatenga Sipita Pachabe

Pafala mawu akuti Chrome inapangidwa mosasamala chifukwa imameza RAM yambiri, ndiponso kuti wanzeru ayenera kusamukira ku browser ina yopepuka. RAM ndi malo amene kompyuta kapena foni imasungamo kwa kanthawi zinthu zimene ikugwiritsa ntchito, ndipo n'zoona kuti Chrome imatenga malo aakulu. Cholakwika chachikulu n'kuweruza pulogalamuyi popanda kufunsa chimene malowo akugula.

Browser, yomwe ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imawerenga malangizo olembedwa mu HTML, CSS ndi JavaScript n'kuwasandutsa mawu, zithunzi ndi mafomu ooneka pa sikirini. Kuyambira pamene Google inatulutsa Chrome mu 2008, masamba otsegulidwa ankapatsidwa zigawo zawozawo kuti limodzi likafa lisagwetse anzake, ndipo mu 2018, litadziwika vuto la Spectre limene linkalola pulogalamu yoipa kusuzumira zinsinsi kudzera mu purosesa, kampaniyi inakhwimitsa mpanda wolekanitsa masambawo mu Chrome 67. Google yokha inavomereza kuti chitetezo chimenechi chinawonjezera RAM imene Chrome imatenga ndi 10 mpaka 13 pa 100 iliyonse. Umenewu ndi mtengo wolipirira kuti tsamba lachinyengo lisaone zimene munthu walemba patsamba la banki, ndipo sikoyenera kuutcha kuwononga. Firefox nayo inatsata njira yomweyi mu 2021.

Malangizo osamukawo amabisanso mfundo yakuti Opera kuyambira mu 2013, ndi Microsoft Edge kuyambira mu 2020, zimagwiritsa ntchito Blink, injini yomweyo imene imajambula masamba mu Chrome, kotero kusiyana kwake kumakhala pa zowonjezera, osati pa maziko.

Odandaulawo ali ndi mfundo imodzi yomveka, yokhudza mafoni otsika mtengo, ndipo Google inaiona, popeza pa Android inayamba kupatula masamba mu 2019 pa mafoni okhala ndi RAM yosachepera 2 GB okha. Opera Mini ndi yopepukadi pa mafoni otere, chifukwa masamba amakonzedwa ndi kupanikizidwa pa makompyuta a kampani ya Opera asanafike pa foni, zomwe zimapulumutsanso bandulo. Koma masamba odalira kwambiri JavaScript, monga mafomu ena olembetsera kapena olipirira, kawirikawiri saoneka bwino kapena sagwira ntchito n'komwe.