Makina osema matabwa ndi omvera, koma alibe maso

Mphwanga ndi kalipentala ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe. Mwezi wathawu adafika kwathu nkhope ili yakugwa. Bwana wina womanga nyumba za lendi adamufunsa mtengo wa zitseko 60 za makabati a m'khitchini, zonse zamaluwa ofanana. Iye adati ntchitoyo imutengera milungu itatu. Bwanayo adangoti "tionana", ndipo pasanathe sabata zitsekozo zidali zitapangidwa kale kwa munthu wina yemwe ali ndi makina otchedwa CNC router.

"Achimwene, ndikufuna ndikongole ndalama ndigule makina amenewa. Apo ayi ana anga agona ndi njala," adatero.

Ndidamuuza kuti safunsa adadya phula, tiyambe takawaona. Mwini makinawo adatilola kukhala pamalo pake tsiku lathunthu, ndipo zomwe tidaonazo ndati ndigawane nanu, makamaka inu amisiri a matabwa amene mtima wayamba kukudumphani ngati mphwangayu.

Kalipentala aliyense amaidziwa rauta ya m'manja, ija timakongoletsera m'mphepete mwa tebulo. CNC router ndi rauta yomweyo, koma yomangiriridwa pamtanda wachitsulo woyenda pamwamba pa tebulo lalikulu. M'malo mwa manja a munthu, amaiyendetsa ndi mamota omvera kompyuta. Imayenda mbali zitatu: kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, m'mwamba ndi pansi. Amisiri ake amazitchula mbalizi kuti X, Y ndi Z. Tebulo la makina ambiri limakhala la mamita 1.3 m'lifupi ndi 2.5 m'litali, kuti bolodi lathunthu la plywood kapena MDF, lomwe ndi la mamita 1.22 kwa 2.44, ligonepo osadulidwa. Kachitsulo kodulira, komwe amati biti, kamatha kuzungulira ka 18,000 kapena ka 24,000 pamphindi imodzi.

Nzeruyi si yadzana. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, John Parsons wa ku Michigan m'dziko la America ankagwiritsa ntchito manambala posema zipangizo za ndege, ndipo mu 1952 sukulu yaukachenjede ya MIT idaonetsa makina odula zitsulo omwe ankawerenga malangizo papepala lobooledwa timabowo. Lero malangizowo amangonyamulidwa pa fulashi.

Ntchito imayambira pakompyuta. Munthu amajambula chitseko ndi miyeso yake yonse. Kenako amauza pulogalamu ina biti yomwe agwiritse ntchito, kuya kwa podula komanso liwiro loyendera. Pulogalamuyo imalemba malangizo otchedwa G-code, mzere ndi mzere: tsika mamilimita atatu, pita apo, khota, kwera. Bolodi limapanidwa patebulo, pena ndi zopanira, pena ndi mpweya wolikoka kuchokera pansi. Pomaliza munthu amaonetsa makinawo poyambira, ndiye kuti ngodya ya bolodi ndi pamwamba pake, n'kudina batani.

Apa mpamene mphwanga adagwira pakamwa. Chitseko choyamba ndi chakhumi zidatuluka ngati mapasa. Kompyuta idali itayalanso zidutswa zonse mothithikana pabolodi, moti zotsalira zidali zochepa. Atasintha biti n'kuika yosongoka, makina omwewo adalemba chikwangwani cha sitolo, zilembo zake zoyera bwino.

Koma madzulo ake tidaona mbali ina. Mnyamata woyendetsa makinawo adasintha biti n'kuiwala kuwaonetsanso pamwamba pa bolodi. Biti yatsopanoyo idali yotalikirapo. Makina adachita ndendende zomwe adauzidwa: adaboola bolodi lonse n'kulowa m'thabwa la tebulo. Bolodi latsopano lidathera pompo. Makinawa saima kuti afunse. Mukalakwitsa muyeso kamodzi, adzakulakwitsirani zitseko zonse 60 mofanana. Biti ikamayenda pang'onopang'ono kwambiri imapsereza thabwa, ikathamanga kwambiri imathyoka.

Mwini malowo adatiuza mosabisa kuti mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Makina ambiri aakulu amafuna magetsi a three-phase, omwe mashedi ambiri a akalipentala alibe. Magetsi akazima ntchito ili pakati, bolodi likhoza kuonongeka, choncho pamafunika jenereta yamphamvu. Mabiti amabuntha, ndipo abwino ake pamodzi ndi zipangizo zina amachokera kunja, kutanthauza ndalama zakunja ndi kudikira. Pamafunikanso makina oyamwa utuchi, chifukwa fumbi la MDF ndi losalala ngati ufa, lili ndi guluu ndipo limaononga mapapo. Phokoso lake nalo limafuna zotseka m'makutu. Chachikulu pa zonse ndi maoda. Ngongole siidziwa kuti mwezi uno makina angokhala.

Chomwe chidamukhazika mtima pansi mphwanga n'chakuti pali zambiri zomwe makinawa sadziwa. Sadziwa kuti thabwa la paini la ku Chikangawa likadali laliwisi ndipo lidzapindika likauma. Saona mfundo ya m'thabwa, sasiyanitsa mbawa ndi mlombwa, sadziwa komwe mitsempha ya mtengo yalowera. Akatha kudula, pamafunikabe munthu wokwecha, wolumikiza, wopaka vanishi ndi wokakhoma kabatiyo pakhoma lokhota la kasitomala. Mnyamata uja amaidziwa kompyuta, koma maso a kalipentala alibe. Mphwanga maso ali nawo, koma kompyuta amaiopa.

Nchifukwa chake ndikuti amisiri athu asathamangire ngongole, komanso asanyoze makinawa, pakuti afika ndipo sabwerera. Yambani ndi kuphunzira kujambula pakompyuta, zomwe sizilira ndalama zambiri. Oda yaikulu ikabwera, ilandireni, mukadulitse kwa yemwe ali ndi makina pomulipira pa bolodi lililonse, zotsalazo mumalize nokha. Amisiri ogwira ntchito malo amodzi ngati ku Mchesi kapena ku Ndirande angathenso kusonkherana n'kugula makina amodzi, popeza mutu umodzi susenza denga. Nawo a TEVETA ndi makoleji aluso ngati Soche, Nasawa ndi Namitete aonetsetse kuti wophunzira ukalipentala akutuluka akudziwa tchizulo ndi G-code yomwe.

Mphwanga sadakongole ndalama zija. Mwana wake wamkazi yemwe adalemba mayeso a Fomu 4 wayamba kuphunzira kujambula pakompyuta, bambo ake akumuuza miyeso. Sabata yatha adalandira oda ya zitseko 24, ndipo Lachiwiri m'mawa ndidamuona akukweza mabolodi pagalimoto, fulashi ili m'thumba la shati.