CHIKALATA CHA BUNGWE LA ODWALA MULTIPLE SCLEROSIS NDI OWASAMALIRA PA ZA VUTO LA POTS

Kwa madokotala, anamwino, odwala ndi abale awo,

Pa 30 Meyi, tsiku lokumbukira matenda a multiple sclerosis, kapena kuti MS, komiti ya bungwe lathu ikufuna kunena za dandaulo lomwe silimvedwa mokwanira: chizungulire ndi kuthamanga kwa mtima wodwala akangoimirira.

MS imawononga chikuta cha mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana. Zilonda zake zikagwera pamitsempha yolamulira kugunda kwa mtima ndi kufinya kwa njira za magazi, munthu akadzuka magazi amatsalira m'miyendo ndi m'mimba, ndipo mtima umathamanga kuti ubongo usasowe magazi. Vutoli ndi lomwe madokotala a ku Mayo Clinic ku America analitcha POTS mu 1993. Mu 2013, madokotala a ku Zagreb ku Croatia anapeza kuti limapezeka kwambiri mwa odwala MS kuyerekeza ndi anthu ena amene anawayeza. Matenda onse awiri amagwira kwambiri amayi, ndipo amakula kukatentha.

Choncho tikupempha izi:

1. Madokotala asafulumire kunena kuti MS yayambiranso kapena kuti wodwala ali ndi nkhawa chabe. Ayeze kugunda kwa mtima ndi BP wodwala atagona, kenako ataimirira kwa mphindi 10. Mtima ukawonjezera kugunda ka 30 kapena kuposa pa mphindi, BP osatsika, ndipo vutolo latha miyezi itatu, aganizire za POTS. Kwa a zaka 12 mpaka 19 malire ake ndi 40.

2. Odwala azimwa madzi okwanira, azidzuka pang'onopang'ono ndipo azipewa kusamba madzi otentha kwambiri. Masokosi othina komanso masewera olimbitsa thupi ochita chokhala kapena chogona amathandiza. Zowonjezera mchere ayambe afunsa dokotala, makamaka amene ali ndi vuto la impso kapena BP yokwera.

3. Abale ndi olemba ntchito asamuyese waulesi munthu amene wakhala pansi pamzere kapena wapempha mpando. Akupewa kukomoka.

Sikuti aliyense wodwala POTS ali ndi MS, ndipo odwala MS ambiri alibe POTS. Koma kuyeza kumeneku kumangofuna wotchi ndi makina a BP. Tikupempha kuti wodwala MS aliyense wodandaula chizungulire ayezedwe asanabwerere kunyumba.

Ife,
Komiti Yaikulu ya Bungwe