Ndani adzajambule phiri la Mitucué?

Ukatsika basi ku Cuamba m'mamawa, phiri la Mitucué limakhala ngati lakuweramira, nkhungu ili m'chiuno mwake, koma penti yomwe maso anga amakumana nayo ndi ya zikwangwani za ometa tsitsi basi. Zimandiwawa. Tauniyi Apwitikizi ankaitcha Nova Freixo, ndipo Companhia do Niassa idalamulira dera lino mpaka 1929. Nanga nkhope za agogo athu Achiyao ndi Amakua omwe ankasenza katundu wa atsamundawo, adazijambula ndani? Ku New Zealand, Gottfried Lindauer adajambula mafumu a Amaori ndi mphini zawo zakumaso, moti lero zidzukulu zimakaona makolo awo ku Auckland. Malangatana, wobadwira ku Matalana mu 1936, adajambula misozi ya Mozambique, koma kwawo nkummwera. Luso kunonso lilipo. Ku Ngauma ndidaona mayi akukongoletsa khoma ndi dothi lofiira, makala ndi phulusa, mizere yoongoka popanda rula, koma mvula yoyamba idafufuta zonse. Ana a ku Mandimba tiwapatse penti ndi nsalu, akajambule asodzi a ku nyanja ya Amaramba akukankha mabwato m'mabango.