Musawamane Maina Ana a Machona

Mwezi watha ndinapita ku Livingstone, ku Nottie Broadie, kumene mwana wa amalume anga anaitanitsa abale onse amene anatha kuwapeza. Panalibe maliro, panalibenso ukwati. Koma anansi ake ataona nkhuni zitaunjikidwa pabwalo, mipando yobwereka ndiponso amai akutsuka miphika yaikulu, anabwera mwakacetecete kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa manyazi, pakuti anthu aja sanalakwe. Masiku ano mbumba ya Amalawi imaonana pamanda pokha, ndipo pamanda palibe amene ali ndi mtima wofunsa kuti uyu ndi mwana wa yani.

Inu awerengi a ku Katete, ku Chadiza, ku Petauke ndi ku Chipata mungadabwe kuti anthu a Kum'mawa akucita ciani kutsidya lija la dziko, mtunda wa pafupifupi makilomita 1,000 kucokera kwao, m'dziko la Atoka ndi Aleya a Mfumu Mukuni. Nkhani yake ndi yakale. Ulalo wa njanji wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya unatha kumangidwa mu 1905, ndipo kuyambira 1911 kufikira 1935 Livingstone ndiye anali likulu la Northern Rhodesia. Kumene kuli likulu ndiye kuli nchito, ndipo kumene kuli nchito ndiye kuli ndalama ya msonkho. Kotero agogo athu anapita, ena ku upolisi, ena ku njanji, ena kukaceka matabwa ku Zambezi Sawmills, ena kukaphika m'nyumba za Azungu. Enanso anaoloka Zambezi kupita ku mgodi wa malasha wa Wankie, umene tsopano ukuchedwa Hwange, kapena kupitirira mpaka ku Bulawayo ndi ku Joni.

Ambiri anabwerako ndi bulangeti, njinga ndi nsalu ya akazi ao. Amene sanabwerere tinawacha machona. Ena anachona mwadala atakwatira kumeneko, ena cifukwa ca manyazi obwerera cimanjamanja, ena cifukwa ca imfa imene uthenga wake sunafike. Pa 6 June 1972 mgodi wa Wankie unaphulika nupha anthu oposa 400, ndipo pakati pao panali a kuno ku Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique. Mu January 1973 boma la Ian Smith linatseka malire, ndipo amene anali kutsidya anasowa njira yapafupi yofikira kwao. Mlongo wa agogo anga aakazi anacoka pamudzi ali mnyamata, nalemba makalata awiri ali ku Livingstone, kenaka zii. Amene tinasonkhana ku Nottie Broadie, theka lathu linali adzukulu a mchona ameneyo, amene Cinyanja cao n'cosanganiza ndi Citonga ndi Cilozi, ndipo sanapondepo pa ulalo wa Luangwa.

Mnyamata wina wophunzira bwino anali atakonza pepala lalikulu pa kompyuta, nalipacika pa khoma. Linali lokongola ndithu. Pamwamba panali dzina la mwamuna mmodzi, pansi pake ana ake aamuna, pansi pao ana ao aamuna, ndipo akazi analembedwa m'mbali ndi zilembo zing'onozing'ono, ena opanda ndi dzina lomwe. Onse a ciwongo cimodzi anaikidwa pamodzi. Anthu anaomba m'manja nayamba kulijambula ndi mafoni ao.

Pakati pathu panali ambuya amodzi amene tinawatenga ku Katete, okalamba kwambiri, osadziwa kuwerenga. Iwo anapempha kuti awawerengere maina onse. Atamva anakhala cete pang'ono, kenaka anafunsa mnyamata uja kuti, "Mdzukulu wanga, amai anga uwaika pati?" Mnyamata anayankha mwaulemu kuti, "Ambuya, amai anu anali a ciwongo cina, n'cifukwa cake mulibe." Ambuya aja anati, "Tsono ngati mulibe amai anga, anthu onsewa abadwa kwa yani?"

Anaitanitsa cimanga cokonola, nakhala pamphasa. Anaika njere imodzi pansi nachula dzina la mai amene ndiye tsinde lathu. Pansi pake anaika njere zinai, ana ake aakazi, nati awa ndiwo mabere anai a mbumba ino. Pambali anaika njere za alongo ao, amene anali eni mbumba. Anapitiriza kuchula ana a bere liri lonse, wamkulu kufikira wamng'ono, amene anamwalira ali akhanda, amene anatengedwa citengwa kupita kwa Angoni, ndi amene anachona. Dzuwa linapendeka tikali kumvetsera. Pamapeto pake zinaoneka kuti mabanja awiri amene papepala anali kutalikutali, cifukwa cakuti atate ao anali a ziwongo zosiyana, anali a bere limodzi. Zinaonekanso kuti banja lina limene linaikidwa pakati penipeni linangofanana nafe ciwongo cabe. Amenewo tinawapatsa nsima ngati abale, ndipo anaseka nafe, koma pa mndandanda anacoka okha.

Canditsata kwambiri ndi ici. Panali mnyamata wa ku Kitwe ndi mtsikana wa ku Lusaka amene ankaitanana ndi liu limodzi la Cingerezi limene limaphatikiza ana a abale onse. Ambuya anawauza kuti agogo ao aakazi anali mkulu ndi mng'ono, amai aonso ndi mkulu ndi mng'ono, conco iwo si asuweni ai, koma mlongo ndi mlongo wake. Aliyense wokulira pamudzi adziwa kusiyana kwake. Msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa atate aakazi, ndipo makolo ankalola kuti asuweni aseleulane ngakhale kukwatirana. Koma mwana wa amai aakulu kapena aang'ono ndi mlongo wako, ndipo kumuyandikira ndi mwikho. Ana athu a m'tauni amakumana m'makoleji ndi m'mabasi osadziwa zimenezi. Tsiku lina adzabwera kwa ankhoswe zinthu zitaonongeka kale.

Ndico cifukwa cake ndikuti buku la mbumba ya Acewa ndi Ansenga liyenera kuyambira pa mkazi. Dzina limene tinalembetsa kusukulu ndi pa reji ndi la atate, ndipo palibe colakwika pamenepo. Koma Phiri, Banda, Mbewe, Mwale ndi Tembo ali m'maiko atatu, ndipo wofuna abale ake mwa ciwongo cokha adzapeza anthu zikwizikwi osapeza mbale. Munda, dzina la ufumu ndi malo a kumanda, pa mwambo wathu, zimatsata bere. Abale athu Angoni a Mpezeni angati iwo zimenezi siziwakhudza, pakuti amalowola ndipo ana ndi a kucimuna. Zoona. Koma adzifunse kuti cifukwa ninji amalankhula Cinsenga, pamene makolo ao amene anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835 ankalankhula cinenero ca kum'mwera. Anaciyamwa kwa amai ao. Naonso alembe mbali zonse ziwiri.

Tsono ndikambe ndi inu a kumudzi, pakuti maina amenewa ali m'mitu yanu, ndipo ndamva kuti ambiri a inu mumawabisa. Mlendo akafika ndi galimoto ndi kabuku, nafunsa za agogo ake amene anacoka kalekale, nkhalamba zimayang'anana, kenaka zimati taiwala. Sindikunyozani. Mantha anu ndiwadziwa. Minda yacepa, ndipo munaonapo munthu amene anabwera ngati wofuna mbiri, caka cotsatira n'kubwera ndi wopima malo. Munaonaponso mwana wa m'tauni amene sanalimepo ngakhale mzere umodzi akulimbirana dzina la unyakwawa. Palinso cilonda cakale, pakuti mchona anasiya amake akulipira mavuto okha, ndipo amene anatsala ndiwo anaika maliro. Zonsezi n'zoona.

Koma taganizirani bwino. Mndandanda woona ndiwo umateteza munda. Mdzukulu wa mchona wamwamuna, amene agogo ake anakwatira mkazi wa Cilozi kapena wa Citonga, ndi mwana wa pamudzi, woyenera kumulandira, kumusonyeza manda ndi kumuphera nkhuku, koma sali wa bere, ndipo pa mwambo wa Cicewa sangalowe dzina. Zimenezi zikakambidwa poyera nkhalamba zikali moyo, nizilembedwa pamaso pa a nyakwawa, palibe angadzazikhotetse. Zikabisika, amene adzalemba mbiri ndi amene ali ndi ndalama ndi kompyuta, ndipo adzailemba monga pepala lija la pa khoma. Lamulo la cuma ca masiye la mu 1989 limagawa katundu wa womwalira wosasiya kalata motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa amene ankawasunga. Koma lamulo lomwelo silikhudza malo a pansi pa mafumu. Nyumba ya ku Livingstone idzatsata lamulo, munda wa ku Katete udzatsata mwambo, ndipo mwambo wopanda odziwa maina udzasanduka phokoso ku khoti.

Pali cinanso cocititsa manyazi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ku Livingstone komweko kunakhazikitsidwa bungwe lofufuza za miyambo la Rhodes-Livingstone Institute. M'zaka za m'ma 1940 J. A. Barnes anakhala pakati pa Angoni a Mpezeni, ndipo Max Marwick anakhala pakati pa Acewa a Kum'mawa. Azungu amenewa ankakhala pansi pa mtengo ndi makolo athu, kulemba kuti wakuti anabala wakuti, ndipo makolo athu anawauza. Mabuku ao akuwerengedwa m'mayunivesite a kutali. Ngati mlendo wa ku Ulaya tinamuuza, tingamumane bwanji mdzukulu wa mlongo wathu? Akulu anati cibale ndi fupa siciola. Fupa siliola ndithu, koma limasowa m'chire ngati palibe wokumbukira pamene linagwera.

Nchito yake si yovuta. Pamudzi uli wonse pali mwana wa sukulu kapena mphunzitsi wopuma. Mugule buku lacikuto colimba, mukhale ndi amai okalamba awiri kapena atatu, pakuti mmodzi akaiwala wina amakumbutsa. Mulembe dzina la kubadwa, dzina la ku cinamwali kapena la ubatizo, ndiponso dzina la ku nchito, cifukwa ambiri anasowa pansi pa maina onga Foloko, Supuni ndi Sheleni amene analembedwa pa citupa. Mulembe mudzi, mfumu, ndi kumene munthu anaikidwa. Amene akufuna kutsimikiza ayang'ane mareji akale a makolo ao, pakuti amasonyeza mudzi, mfumu ndi boma. Angapemphenso kuona mabuku a ubatizo m'mamishoni akale monga Magwero, umene unayamba mu 1899, Madzimoyo ndi Nyanje, kapena kupita ku National Archives ku Lusaka kumene amasunga mabuku a abwanamkubwa a m'maboma. Ndipo pa Kulamba, Loweruka lotsiriza la August ku Mkaika, pamene Acewa a ku Malawi ndi a ku Mozambique amabwera kwa Kalonga Gawa Undi, munthu wokhala ndi buku lotere angafunse za bere limene linatsalira ku Mchinji kapena ku Tete.

A m'tauni naonso ndili nao mau. Msonkhano wa ku Nottie Broadie unali ndi copereka cokhwima, ca tenti, zakumwa ndi malaya olembedwa dzina la banja. Abale ena a ku Maramba ndi ku Libuyu, amene akhala opanda nchito kuyambira pamene mafakitale a nsalu ndi oika magalimoto anatsekedwa, anangotumiza moni. Pakati pa amenewo panali mai wina amene akuti ankasunga makalata a mchona wathu m'sutukesi. Tinavala malaya okongola, koma makalata sitinawaone. Ndalama ya malaya ikanatha kunyamula nkhalamba zina ziwiri kucokera kumudzi.

Ambuya athu anaiwala dzina limodzi, la mwana wotsiriza wa bere lacitatu, amene anatengedwa kupita ku Mozambique. Anati mng'ono wao wa ku Chadiza angalikumbuke. Conco tinapangana kuti msonkhano wotsatira udzakhala kumudzi, anthu akatha kukolola, ndipo a ku Livingstone adzalipirira basi abale a ku Maramba. Mnyamata wa pepala uja anafunsa kuti, "Ambuya, tidzabweretse ciani?" Iwo anati abweretse buku, mcere ndi sutukesi ija.